Kupatsa n'kuika

Akuluakulu amene anatisiyira mwambi wakuti kupatsa n'kuika sanali anthu omwaza chuma. Anali anthu a nkhokwe. Ankadziwa kuluka nsungwi, kumata ndi dothi, kusakaniza nyemba ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowemo. Ankatha kusuzumira m'nkhokwe kamodzi kokha n'kunena mwezi umene chimanga chidzathere. Ndiye munthu wotere akamati malo ena osungirako chakudya ndi kwa mnzako, sakuyankhula zachibwana. Waona chiswe, waona makoswe, waona moto ndi mbala, ndipo wapeza kuti lichero la ufa limene anapatsa mnansi chaka cha njala ndi lokhalo limene silinafumbwe.

Mwambiwu umandibwerera Lenti ikamayamba chifukwa cha nyengo imene imatipezera. Tsiku la Pasaka limayendera mwezi wakumwamba, ndipo silibwera 22 Malichi asanakwane kapena kupitirira 25 Epulo. Motero Lachitatu Laphulusa limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi. Amene anakonza kalendalayi anali kumpoto kwa dziko lapansi, kumene nthawi imeneyi chisanu chimakhala chikutha. Kwathu kuno ndi m'kati mwa dzinja, chimanga chitamasula ngayaye koma chisanakhwime, mphale itakwera mtengo, kuchigayo kukupita anthu ndi timatumba tonyamula dzanja limodzi. Amuna amasiya minda yawo ili ndi udzu kukapalira ya eni kuti apeze ya ufa. Amene anaona njala ya 2002 akukumbukira kuti inafika poipitsitsa mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo chaka chimenecho phulusa tinalandira pa 13 Febuluwale. Wansembe ankalemba mtanda pa mphumi za anthu amene thupi linali litawauza kale kuti ndi fumbi.

Lamulo la Mpingo wa Katolika pa nkhaniyi si lolemera. Malamulo a mu 1983 amati munthu wa zaka 14 kupita m'tsogolo asale nyama, ndipo amene wakwanitsa zaka 18 koma sanayambe chaka chake cha 60 apunguze chakudya pa Lachitatu Laphulusa ndi pa Lachisanu Loyera. Kupunguzako amakufotokoza motere: kudya kamodzi mokwanira, kenaka tizakudya tiwiri tochepa. Akatekisiti akamawerenga zimenezi kutchalitchi chakumudzi, amayi ena amayang'anana chapansipansi. Kudya kamodzi mokwanira, n'kuonjezanso kawiri? Kwa banja limene lakhala likugonera nkhwani wopanda nsinjiro kuchokera mu Januwale, tsiku lotere ndi laphwando. Ndipo kusala nyama mukuuza ndani, poti nyama anailawa pa Khirisimasi, inalinso nkhuku imodzi anthu khumi? M'tauni namo muli zake. Pofika Lachisanu timasiya nyama ya ng'ombe mwaulemu wonse n'kukagula chambo, chimene masiku ano chimadula kuposa nyamayo, ndipo timagona mtima uli m'malo kuti tasunga lamulo. Tasungadi. Koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Papa Paul VI anaona vutoli. M'chikalata chake cha mu 1966 chokonzanso za kusala ndi kulapa, anasiyanitsa anthu okhuta ndi anthu osowa. Okhutawo anawauza kuti adzimane moonekeratu ndi kuthandiza ovutika, ngakhale akutali. Osowawo anawauza kuti apereke masautso awo kwa Mulungu m'pemphero, kwinaku akuyesetsa kuti chilungamo chichitike pakati pa anthu. Ndiye kuti Lenti ndi imodzi, koma katundu amene imasenzetsa anthu ndi wosiyana. M'dziko lathu okhuta ndi osowa sakhala kutsidya kwa nyanja. Amakhala pa benchi imodzi, amagwirana chanza cha mtendere, wina n'kukwera galimoto, wina n'kuyamba wapansi.

Akhristu oyambirira ankawerengera kusala kwawo ngati mmene wamalonda amawerengera ndalama madzulo. Buku lakale lotchedwa M'busa wa Hermas, lolembedwa ku Roma m'zaka za m'ma 100, limalangiza kuti tsiku losala munthu adye buledi ndi madzi okha, kenaka awerengere mtengo wa zimene akanadya tsikulo n'kukapatsa mkazi wamasiye, mwana wamasiye kapena wina wosowa. Aristides wa ku Athens, polembera mfumu ya Aroma kufotokoza khalidwe la Akhristu, anati pakati pawo pakapezeka waumphawi iwo alibe chapadera, amasala masiku awiri kapena atatu kuti amupezere chakudya. Kwa iwowa kusala kunali ndi kopita. Nsima imene sinalowe m'mimba mwako inkayenera kupezeka m'mbale ya wina, ndipo ikapanda kupezekamo ndiye kuti wangoisunga kuti udzadye mawa.

Izi ndinaziona zikuchitika popanda dzina la Hermas kutchulidwa. Mayi amatereka mphika, madzi n'kuwira, n'kukoka beseni la ufa. Asanathire woyamba mumphika, amatapa dzanja limodzi n'kuika m'kachitini kamene kali kuseri kwa mtsuko. Ana saona kusiyana kwake, mwina mtanda womaliza umangochepako pang'ono. Mawa chimodzimodzi, mkucha chimodzimodzi. Tsiku la msonkhano wa mphakati timachitini timeneti timakumana pamkeka, ufa woyera kusakanikirana ndi mgaiwa, ndipo amayi awiri amasenza kupita nawo kwa agogo amene akulera zidzukulu okha. Akafika sanena zambiri. “Agogo, tabwera kudzakuonani. Kaufa aka muphikire ana phala.” Agogo amaomba m'manja, kenaka n'kuyamba kudandaula kuti alibe chowapatsa alendo, n'kutuma mdzukulu kukathyola zitheba kuti asabwerere chimanjamanja. Miphakati imeneyi, imene Bishopu Patrick Kalilombe anailimbikitsa kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, ndi imene imadziwa khomo limene utsi sunafuke dzulo. Wansembe wa parishi ya matchalitchi makumi awiri sangadziwe zimenezo.

Komatu mwambi wathu uli ndi mbali ina imene Mkhristu ayenera kuiyang'anitsitsa. Woika amayembekeza kudzatenga. Timapita kumaliro a anzathu, inde chifukwa cha chisoni, komanso chifukwa tikudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo amene sayenda m'maliro adzakumba yekha manda. Timapereka mchere kwa woyandikana naye chifukwa tsiku lina tidzapempha moto. Palibe choipa pamenepo, mudzi umakhala chifukwa cha zimenezi. Vuto ndi lakuti kupatsa kotere kumasankha. Kumapita kwa amene ali ndi dimba, ali ndi mwana ku Johannesburg, ali ndi dzina. Wamisala wa pamsika, mayi wobwera amene alibe abale, mwamuna wotuluka kundende, awa ndi nkhokwe zobooka: ukaikamo sudzapezamo kanthu. Yesu pa Luka 14 anatchula anthu oterewa, osauka, olumala ndi akhungu, kuti ndiwo oyenera kuitanidwa kuphwando, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi chomwecho chimene ife timawathawira, chakuti sangabweze. Pa Mateyu 6, chigawo chimene chimawerengedwa pa Lachitatu Laphulusa, anaonjezapo kuti ngakhale kuyamikidwa usakufune. Mwambi wa makolo sanaugwetse. Anangosuntha malo oikirako ndi tsiku lodzatengera.

Pali kupatsa kwinanso kumene kumavala nkhope ya chifundo mu Febuluwale. Munthu amabwera pakhomo m'mamawa, chipewa chili m'manja. “Achimwene, kunyumba kwavuta.” Mwini khomo amapukusa mutu momva chisoni, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndowa ya chimanga pamodzi ndi kope. Ndowa imodzi lero, ziwiri pokolola. Ena amagula fodya kapena chimanga chikadali m'munda pa mtengo wa masewera, podziwa kuti wanjala sakambirana. Katapila ameneyu amachitidwa ndi anthu a mumpingo, ena mwa iwo otsogolera nyimbo, ndipo wokongolayo amathokoza ndi mtima wonse chifukwa ana adyadi usiku umenewo. Wokongozayo nayenso waika, ndipo adzatenga. Koma ndikaika kope lake pafupi ndi kachitini ka mayi uja, sindingazitchule ndi dzina limodzi.

Mneneri Yesaya, pa mutu 58 umene umawerengedwa Lachisanu loyamba phulusa litangolandiridwa, akufotokoza anthu amene ankadandaula kuti akusala koma Mulungu sakuwaona. Yankho limene analandira linakhudza antchito awo: tsiku lomwelo losala ndi limene ankawapanikiza. Deuteronomo 24 amalamula kuti waganyu wosauka alipidwe dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pa ndalamayo. Yakobo 5 amati malipiro obisidwa a okolola amafuula. Mawu amenewa safuna womasulira kwa ife. Lachisanu masana, bambo amene watchetcha udzu kuyambira m'mawa wakhala pa njerwa pafupi ndi geti, chikwanje chili pambali, nsapato zake zanyowa. Mayi wapanyumba akutuluka atavala chitenje cha mpingo, kolona ili m'dzanja.

“Mubwere mawa, bambo. Ndikuchedwa ku Njira ya Mtanda.”

“Amayi, ngakhale ya ufa yokha. Ana sanadye dzulo.”

“Ndilibe tchenji. Mawa m'mawa.”

Mayiyu si woipa mtima. Adzagwada malo onse 14, adzalira pamene Yesu akugwa kachitatu, ndipo misozi yake idzakhala yoona. Mawa adzalipiradi. Kungoti sanaganizepo kuti usiku umodzi ndi wautali bwanji m'nyumba mopanda ufa, ndiponso kuti ndalama imene ili m'kachikwama kake inasiya kukhala yake pamene udzu womaliza unagwa. Zofanana ndi zimenezi zili pa mtsikana wantchito amene malipiro ake amadulidwa chifukwa cha kapu yosweka, ndi mlonda amene amauzidwa kuti adikire bwana alandire kaye. Ndikanakhala mlaliki, ndikanauza anthu kuti asanasankhe chosala chaka chino ayambe alemba mayina a onse amene akuwadikira ndalama.

Apa ndi pamene nkhani ya ukapitawo imalowera. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena amene anagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, amamudziwa bwino kapitawo. Makiyi a nyumba yosungiramo katundu amakhala ndi iye, buku la mayina lili ndi iye, ndiye amayeza chimanga cha matenanti. Koma munda si wake, ndipo tsiku limafika loti akhale pansi ndi mwini wake buku lili lotsegula. Kapitawo woipa ndi amene waiwala tsikulo. Amayamba kunena kuti munda wanga, anthu anga, n'kumakalipa kuposa mwini wake. Munthu wa pa Luka 12, amene munda wake unabereka kwambiri, analakwa mwa mtundu womwewu. Sanabe, sananame, analima bwino. Koma pokambirana za zokolola anakambirana ndi mtima wake wokha, ndipo nzeru imene anaipeza inali yophwasula nkhokwe kuti amange zazikulu. Usiku womwewo anaitanidwa.

Fanizo limeneli Basil wa ku Caesarea, m'dziko limene lero ndi Turkey, analilalikira chilala chitagwa kwawo cha m'ma 368 ndi 369. Nthawiyo anali asanakhale bishopu. Anthu olemera a mumzindawo anatseka nkhokwe kudikira kuti mtengo ukwere, ndipo iye anawadzudzula poyera, kuwauza kuti chakudya chimene akusunga ndi cha anjala. Sanalekere pakamwa. Anagulitsa chuma chimene makolo ake anamusiyira, n'kuyamba kuphikira anthu, ndipo pambuyo pake anamanga kunja kwa mzinda malo osamalira odwala ndi osauka. Ife tikamva za otseka nkhokwe timaloza mavenda amene amagula chimanga motchipa mu Meyi n'kudzachitulutsa mu Febuluwale. Tisafulumire. Kusunga si tchimo, Yosefe anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri ku Ejipito, ndipo mlimi wogulitsa zonse pokolola timamutcha wopanda nzeru. Chimene ndimafunsa ine ndi chakuti munthu akusungira chiyani, ndipo akudikira chizindikiro chanji kuti atsegule. Yosefe anatsegula anthu atayamba kulira. Ena amadikira kuti alire kwambiri.

Makolo ankatinso nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, pochenjeza kuti chinthu cha eni uchigwire ndi mantha. Nthaka ndi mapiri tinazigwira mopanda mantha amenewo. Namondwe Freddy anafika mu Malichi 2023, Lenti ili pakati, ndipo matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi inakokoloka, anthu mazanamazana anafa. Mvula yake inali yoopsa ndithu, ndipo palibe angaloze chala munthu amene anamanga m'mbali mwa phiri chifukwa chosowa malo. Koma mapiri athu ambiri tinawameta tokha, ndipo thumba la makala limene limatsika panjinga m'bandakucha limathera m'makhitchini mwa ife a m'tauni. Papa Francis analemba za udindo wosamalira chilengedwe mu 2015 m'chikalata cha Laudato Si'. Lenti imagwa nthaka ikadali yonyowa, nthawi yabwino yobzala mitengo, ndipo maparishi ena amabzaladi. Chovuta ndi kubwererako mu Okutobala kukaona ngati mbuzi ndi moto zasiyako umodzi.

Palinso chuma china chimene munthu amasungitsidwa: mpata woyankhula n'kumvedwa. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepisikopi. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Chinali chaka cha chilala. Boma la chipani chimodzi linati kalatayo ndi youkira, maepisikopi, pamodzi ndi Arkiepisikopi James Chiona wa ku Blantyre, anafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa referendamu kusankha zipani zambiri. Ambiri amaikumbukira kalatayi ngati nkhani ya ndale. Ine ndimaiwerengera pamodzi ndi kachitini ka ufa. Anthu amene anali ndi guwa, chinthu chimene mlimi wa ku Ntchisi analibe, anatapako n'kupereka, ndipo anadziwa kuti chingawadyetse ndende. Anali atakhala chete zaka zambiri, zimenezonso n'zoona.

Sindikunena kuti pemphero ndi lachabe pokhapokha litabala thumba la chimanga. Munthu amene sapemphera satha kupatsa nthawi yaitali, amatopa, amayamba kuwerenga amene sanathokoze. Masiku 40 amenewa, osawerengera Malamulungu, Mpingo umachotsa Aleluya m'kamwa mwathu, umachepetsa maluwa paguwa, umatiika pamzere wa kulapa, kuti phokoso lichepe timve zimene zili m'kati. Ndipo zimene zimamveka nthawi zambiri si zazikulu. Ndi m'bale amene sitinayankhulane naye chimalizireni maliro a bambo chifukwa cha malata. Ndi malire a munda amene tinasuntha ndi mzere umodzi. Ndi ndalama za mtulo kapena za masika zimene msungichuma anabwereka mwakachetechete, ali ndi cholinga chonse chobweza, chaka n'kutha. Kunena zimenezi kwa wansembe n'kosavuta kwenikweni, chifukwa iye sadzauza munthu. Zakeyu anachita chovutacho: anaimirira pamaso pa anthu a ku Yeriko amene ankamudziwa, n'kulonjeza theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamudyera masuku pamutu. Ndipo komiti ya tchalitchi imene imapempha akhristu kuti adzimane m'Lenti iyeneranso kuimirira Pasaka ikapita n'kuwerenga poyera kuti zinalowa zingati, zinapita kuti. Mayi wa kachitini uja ali ndi ufulu womva.

Pasaka imafika mondokwa atayamba kupsa, maungu ali mbwee, nkhope za ana zitayamba kubwerera. Aleluya amaimbidwa usiku wa Loweruka Loyera ndi ng'oma ndi nthungululu, ndipo ndi bwino kutero. Kenaka mu Meyi chimanga chimauma, masikelo amapachikidwa m'mitengo ya m'misika, ndipo makope aja amatsegulidwa. Amene anatenga ndowa imodzi amasenza ziwiri, n'kuyamba kale ulendo wa ku njala ya chaka chamawa.

Pa Luka 16 pali fanizo limene alaliki ambiri amalidumpha chifukwa limavuta kulikometsa. Kapitawo wina ananenezedwa kuti akumwaza chuma cha bwana wake, ndipo anauzidwa kuti abweretse mabuku, ntchito yatha. Kulima sakanatha, kupempha ankachita manyazi. Ndiye anaitana amangawa a bwanayo mmodzimmodzi. Wa miyeso 100 ya mafuta anamuuza kuti akhale pansi msanga alembe 50. Wa miyeso 100 ya tirigu anamuuza kuti alembe 80. Munthuyu sanali woyera, ankangodzikonzera makomo odzafikirako, ndipo chuma chimene ankachotseracho sichinali chake. Koma bwana uja atamva anamuyamikira kuti wachenjera, ndipo Yesu, pofotokoza nkhaniyi kwa ophunzira ake pamene Afarisi okonda ndalama ankamvetsera, sanapepese.